Fukushima: mmene anthu anaopera chinthu chosaoneka ndi maso

Pa 17 Malichi 2011 mchere unatha m'masitolo ambiri a ku Beijing, Shanghai ndi Guangzhou. Anthu ankakankhana pamizere, ena kutuluka atasenza mchere woti sakanaumaliza ngakhale patapita zaka. Pa mafoni ndi pa intaneti panali patayenda mphekesera yakuti ayodini amene amathira mumchere amateteza munthu ku poizoni wa nyukiliya wochokera ku Japan, ndi inanso yakuti nyanja yaipitsidwa kotero mchere wam'tsogolo sudzadyeka. Zonse ziwiri zinali zabodza. Ayodini wa mumchere ndi wochepa kwambiri moti mcherewo ungayambe kukupha usanapeze mlingo wokuteteza, ndipo mchere wambiri wodya ku China amachita kukumba pansi. Komabe anthuwo sanali amisala. Anali ataona pa TV nyumba ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ikuphulika, ndipo panalibe amene anawafotokozera momveka kuti zimenezo zikutanthauza chiyani kwa iwo ndi ana awo. Beijing ili pa mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera pamene panachitikira ngoziyo. Nanga amene ankauona utsiwo ali pakhomo pawo?

Tiyambe ndi chimene chinachitika. Lachisanu pa 11 Malichi, nthawi ili 2:46 masana, pansi pa nyanja kum'mawa kwa chigawo cha Tohoku panachitika chivomezi cha mphamvu ya 9.0, chachikulu kuposa china chilichonse chimene chinayezedwapo ku Japan. Chinautsa tsunami, mafunde amene anakwera kumtunda n'kusesa matauni athunthu. Anthu pafupifupi 15,900 anafa ndipo ena oposa 2,500 sanapezeke mpaka lero. Ambiri mwa iwo anamira. M'mphepete mwa nyanja momwemo, pakati pa matauni a Okuma ndi Futaba, panali malo opangira magetsi a Fukushima Daiichi a kampani ya TEPCO, okhala ndi ng'anjo za nyukiliya zisanu ndi imodzi. Zitatu zinali zikugwira ntchito, ndipo nthaka itangogwedezeka zinazima zokha monga momwe anazipangira.

Vuto ndi lakuti ng'anjo ya nyukiliya siizima ngati babu. Ili ngati uvuni wa njerwa: ungasiye kusonkhezera, koma kutentha kumakhalabe m'kati kwa masiku. Mu ng'anjoyo muli yureniyamu amene tizidutswa take timagawanika n'kutulutsa kutentha kowiritsa madzi, nthunzi yake n'kumazunguza makina opanga magetsi. Kugawanikako kukaimitsidwa, zotsalira zake zimapitiriza kutentha, choncho madzi ozizira ayenera kumazungulira m'menemo osalekeza. Madziwo amafuna mapampu, mapampu amafuna magetsi. Chivomezi chinadula mawaya obweretsa magetsi kuchokera kunja, majenereta a dizilo n'kuyaka bwinobwino. Patapita mphindi pafupifupi 50 kunabwera funde lotalika mamita 13 mpaka 15, pomwe malowo anali atakonzekera funde losafika mamita 6. Majenereta ambiri anali m'zipinda zapansi, ndipo anamira. Madzi a m'ng'anjo zitatu zija anawira n'kuphwa, zitsulo zosunga yureniyamu zinasungunuka, ndipo mpweya wa hydrogen umene unatuluka unaphulitsa nyumba ya ng'anjo yoyamba pa 12 Malichi, yachitatu pa 14, ndi yachinayi pa 15. Fumbi lokhala ndi radiation, cheza chija chimene sichioneka, sichinunkha, sichimveka pakhungu koma chimawononga thupi chikachuluka, linauluka ndi mphepo, lina kupita kunyanja, lina kugwa ndi mvula ndi chipale pa minda ndi m'nkhalango.

Ndikaiganizira nkhaniyi, ndimaona kuti chimene chinakuza mantha si kuchuluka kwa chezacho. Chinali chakuti anthu anazindikira, tsiku ndi tsiku, kuti amene anayenera kuwauza zoona ankawapatsa pang'onopang'ono, mochedwa, ndipo nthawi zina osawapatsa n'komwe. Munthu ukhoza kuthawa madzi osefukira chifukwa ukuwaona. Chinthu chosaoneka umachidziwa kudzera m'kamwa mwa wina, ndipo ukasiya kumukhulupirira munthuyo umatsala wopanda chogwira.

Taonani mmene boma linkalamulira anthu kusamuka. Usiku wa pa 11 linati okhala m'kati mwa makilomita 3 achoke. M'mawa mwake linati makilomita 10, madzulo a tsiku lomwelo makilomita 20. Pa 15 linauza okhala pakati pa makilomita 20 ndi 30 kuti adzitsekere m'nyumba. Kenaka dziko la America linauza nzika zake kuti zichoke m'kati mwa makilomita 80. Munthu wamba wa ku Japan anafunsa funso losavuta: ndani mwa awiriwa akunena zoona? Mneneri wa boma, Yukio Edano, ankaonekera pa TV usana ndi usiku atavala jekete yantchito ya buluu, n'kumabwereza kuti chezacho sichiwononga thanzi la munthu "pakali pano". Iye ankafuna kukhazika mitima pansi, koma anthu anagwira mawu akuti "pakali pano" n'kumadzifunsa za zaka khumi zikubwerazo. TEPCO sinavomere kuti m'kati mwa ng'anjo munasungunuka mpaka mwezi wa Meyi, ndipo mu 2016 inavomera kuti mkulu wake wa nthawiyo analetsa antchito kutchula mawu oti kusungunuka.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya tauni ya Namie. Anthu ake masauzande atauzidwa kuti athawe, analowera kumpoto chakumadzulo, kudera lamapiri la Tsushima, poganiza kuti kutali ndiye kotetezeka. Anakhala kumeneko masiku angapo, akuphikira panja, ana akusewera pabwalo. Kumeneko n'kumene mphepo inkapititsa fumbi lija. Boma linali ndi makina a kompyuta otchedwa SPEEDI, opangidwira ntchito yomweyi yolosera kumene fumbi lingalowere, koma zotsatira zake zinayamba kuulutsidwa pa 23 Malichi, anthu atachoka kale. Meya wa Namie, Tamotsu Baba, pambuyo pake anafanizira kubisako ndi kupha anthu. Mudzi wa Iitate, umene uli pa makilomita pafupifupi 40, unali kunja kwa mzere wa boma, koma unaipitsidwa kuposa malo ena apafupi, ndipo anthu ake anauzidwa zosamuka patatha mwezi wathunthu ndi masiku. Mzere wozungulira wojambulidwa pamapu sunkagwirizana ndi njira ya mphepo.

Ku Minamisoma anthu amene anauzidwa kuti adzitsekere m'nyumba anayamba kusowa chakudya ndi mafuta chifukwa madalaivala a malole ankakana kulowa mumzindamo. Meya wawo, Katsunobu Sakurai, anajambula kanema n'kumuika pa YouTube kupempha dziko lonse lapansi kuti liwathandize. Ku Tokyo, makilomita oposa 200 kum'mwera, akuluakulu analengeza pa 23 Malichi kuti m'madzi a m'mipope mwapezeka ayodini wa cheza woposa mlingo wololedwa kwa makanda. Madzi a m'mabotolo anatha m'masitolo tsiku lomwelo. Alendo ambiri ochokera kunja anakwera ndege. Kugombe la kumadzulo kwa America, kutsidya kwa nyanja yonse ya Pacific, anthu anagula mapiritsi a ayodini mpaka kutha.

Tsono apa pali chinthu chovuta kuchimeza, ndipo sindifuna kuchilambalala. Chezacho sichinaphe anthu ambiri. Komiti ya asayansi ya United Nations yotchedwa UNSCEAR inanena mu lipoti lake la 2013, n'kubwerezanso mu la 2020, kuti palibe matenda amene apezeka pakati pa anthu a ku Fukushima oti angatsimikizike kuti anabwera ndi cheza cha ngoziyi. Mu 2018 boma linavomera kulipira banja la wantchito mmodzi wa pamalowo amene anafa ndi khansa ya m'mapapo. Koma kusamukako kunapha. Anthu oposa 160,000 anasiya makomo awo. Odwala ndi okalamba a pachipatala cha Futaba ndi nyumba yosungira okalamba yoyandikana nacho anakwezedwa m'mabasi n'kuyenda maola oposa khumi opanda chisamaliro chokwanira, ena kufera pampando, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi pafupifupi 50 anali atamwalira. M'chigawo chonse cha Fukushima, anthu oposa 2,300 alembedwa kuti anafa ndi zotsatira za kusamuka: matenda okula chifukwa chosowa mankhwala, kufooka m'misasa, kukhumudwa, kudzipha. Chiwerengerochi chikuposa cha anthu pafupifupi 1,600 amene chivomezi ndi tsunami zinapha m'chigawomo. Mlimi wina wa ng'ombe zamkaka wa ku Soma, amene ankataya mkaka wake tsiku ndi tsiku chifukwa unaletsedwa kugulitsidwa, anadzipha mu Juni 2011 atalemba pakhoma kuti zikanakhala bwino pakanapanda malo a nyukiliyawo.

Ena amatenga ziwerengerozi n'kunena kuti anthu anangochita mantha opanda pake. Ine sindivomereza. Pa 15 Malichi panalibe munthu, ngakhale katswiri, amene ankadziwa kuti zithera pati. Nduna yaikulu Naoto Kan anapatsidwa chikalata chofotokoza kuti zinthu zikafika poipitsitsa, ngakhale anthu a ku Tokyo akhoza kufunika kusamuka. Zinapepuka chifukwa cha mphepo imene masiku ambiri inkawombera kunyanja, komanso chifukwa cha antchito amene anatsalira pamalopo motsogozedwa ndi Masao Yoshida, yemwe anapitiriza kuthira madzi a m'nyanja mu ng'anjo ngakhale akulikulu la kampani atamuuza kuti aime. Mayi amene ananyamula mwana wake n'kuthawa sabata imeneyo anachita zimene kholo lililonse likanachita. Cholakwa chinali chakuti panalibe dongosolo losamutsira odwala ndi okalamba, chifukwa kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti ngozi yotere singachitike.

Ajapani eni ake ali ndi dzina la chikhulupiriro chimenechi, anzen shinwa, kutanthauza nthano ya chitetezo. Alinso ndi dzina la gulu limene linkaifalitsa, "mudzi wa nyukiliya": makampani, akuluakulu a boma, andale ndi aphunzitsi a m'mayunivesite amene ankadyera mbale imodzi. Bungwe loyang'anira chitetezo linali pansi pa unduna womwewo umene ntchito yake inali kulimbikitsa nyukiliya. Timati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba. Mu 2008 akatswiri a TEPCO anawerengera kuti pamalopo pakhoza kufika funde la mamita 15.7, ndipo kampaniyo sinamange chotchinga. Komiti yofufuza ya nyumba ya malamulo, motsogozedwa ndi Kiyoshi Kurokawa, inanena mu Julayi 2012 kuti ngoziyi inali yopangidwa ndi anthu. Umboni wina uli ku Onagawa, malo ena a nyukiliya amene anali pafupi kwambiri ndi pamene panayambira chivomezi. Iwo anamangidwa pamtunda wa mamita pafupifupi 15, anapulumuka, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anathawira komweko kukabisala. Akuluakulu atatu akale a TEPCO anaimbidwa mlandu wonyalanyaza, koma khoti linawapeza osalakwa mu 2019, zimene zinawawa mitima ya ambiri osamutsidwa. Onjezani pamenepo kuti magetsi a Fukushima Daiichi sankayatsa nyumba za ku Fukushima. Ankapita ku Tokyo.

Chikhulupiriro chitatha, anthu anayamba kudziyezera okha, ndipo mbali imeneyi ndi imene ndimaisirira. Mu Epulo 2011 boma linati ana akhoza kusewera pabwalo la sukulu bola cheza chisapose mamillisievert 20 pachaka (millisievert ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira). Mlingo wa munthu wamba masiku onse ndi 1, ndipo 20 ndi wa anthu ogwira ntchito m'malo a nyukiliya. Mlangizi wa nduna yaikulu, Toshiso Kosako, anatula pansi udindo akulira pamaso pa atolankhani, n'kunena kuti sangavomere mlingo wotere kwa ana. Makolo anapita ku unduna wa maphunziro ku Tokyo kukachita zionetsero, ndipo boma linalonjeza kuyesetsa kutsitsa mlingowo kufika pa 1. Timakina toyezera cheza tinasowa pamsika. Gulu la anthu odzipereka lotchedwa Safecast linapanga timakina take, kutimangirira pamagalimoto, n'kumaika zotsatira pa intaneti kuti aliyense aone msewu wake. Ku Iwaki amayi anatsegula labotale yawo yotchedwa Tarachine mu Novembala 2011, kumene munthu amabwera ndi mpunga, ndiwo zamasamba, dothi la pabwalo kapena fumbi la m'nyumba kuti amuyezere. Amayiwa sanali asayansi. Anaphunzira chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nthawi zambiri zotsatira zawo zinkafanana ndi za boma, koma zinkakhulupirika chifukwa woyezayo ankadyetsanso ana ake chakudya chomwecho.

Mantha omwewo anali ndi nkhope ina yoipa. Ana osamutsidwa ankanyozedwa m'masukulu atsopano. Mu 2016 kunamveka nkhani ya mnyamata wina ku Yokohama amene anzake ankamutcha kachilombo n'kumamulanda ndalama ponena kuti kwawo analandira chipukuta misozi. Atsikana ena ankaopa kunena kwawo poopa kukanidwa ukwati, ngati mmene anasalidwira opulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki pambuyo pa 1945. Cheza sichipatsirana ngati chimfine, koma tsankho silifunsa zimenezo. Alimi nawo anakumana ndi chimene Ajapani amachitcha fuhyo higai, kuwonongeka kobwera ndi mbiri yoipa. Fukushima ndi chigawo chachikulu chotchuka ndi mapichesi ndi mpunga, ndipo mbali yake yaikulu sinaipitsidwe kwenikweni, koma dzina lokhalo linkagwetsa mtengo. Kuyambira 2012 anayamba kuyeza thumba lililonse la mpunga, matumba pafupifupi 10 miliyoni pachaka, ndipo kuchokera pa zokolola za 2015 sipanapezekenso loposa mlingo. Ogula ena anapitirizabe kulambalala.

Nkhani ya chithokomiro ndi yovuta kwambiri. Pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl, ku Ukraine, mu 1986, ana ambiri anadwala khansa ya chithokomiro atamwa mkaka woipitsidwa, choncho chigawo cha Fukushima chinaganiza zoyeza ana onse pafupifupi 380,000 ndi makina amphamvu ounikira. Apeza oposa 300 okhala ndi khansa kapena oganiziridwa kuti ali nayo. UNSCEAR ikuti izi zachitika chifukwa ukaunika ana athanzi ambiri chotere ndi makina oona tinthu ting'onoting'ono, umapeza timatenda timene mwina sitikanavutitsa munthu moyo wake wonse. Mfundoyo ndi yomveka kwa asayansi. Koma kauzeni kholo limene mwana wake wachitidwa opaleshoni pakhosi. Mu 2022 achinyamata asanu ndi mmodzi anasumira TEPCO pa nkhaniyi.

Mkwiyo unatulukiranso m'misewu, m'dziko limene anthu sakonda zionetsero. Mu Sepitembala 2011 anthu amene okonza anati anali 60,000 anasonkhana ku Tokyo, pakati pawo wolemba mabuku Kenzaburo Oe. Pofika pa 5 Meyi 2012 ng'anjo zonse za m'dzikolo, zimene ngozi isanachitike zinalipo 54 ndipo zinkapereka pafupifupi 30 peresenti ya magetsi, zinali zitazimitsidwa. Nduna yaikulu Yoshihiko Noda atalola kuti ziwiri za ku Oi ziyakenso, khamu linkadzaza kutsogolo kwa ofesi yake Lachisanu lililonse madzulo. Komabe mu Disembala chaka chomwecho anthu anavotera chipani cha Shinzo Abe, chimene chinkafuna nyukiliya ibwerere. Dziko linali likugula gasi, malasha ndi mafuta ambiri kunja, ndipo mabilu a magetsi anakwera. Ng'anjo ya Sendai inayakanso mu Ogasiti 2015 pansi pa bungwe latsopano loyang'anira, ndipo zina zatsatira pang'onopang'ono, nthawi zambiri pambuyo pa milandu ya kukhoti.

Chodabwitsa n'chakuti dziko limene linasintha kotheratu lili kutali. Ku Germany, mtsogoleri wa boma Angela Merkel, amene anaphunzira sayansi ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo anali atawonjezera zaka za ng'anjo za m'dzikolo, anatembenuka m'masiku ochepa. Zakale zisanu ndi zitatu zinatsekedwa, chipani cha Green chinatenga utsogoleri wa chigawo cha Baden-Württemberg koyamba, ndipo zitatu zomaliza zinazima pa 15 Epulo 2023. Ku Italy, pa riferendamu ya Juni 2011, ovota oposa 90 pa 100 alionse anakana nyukiliya. France, China, India ndi Russia anaunikanso chitetezo n'kupitiriza. Ngozi inali imodzi, koma dziko lililonse linaiona ndi maso a mikangano imene linali nayo kale.

Mafunde ake anafika ngakhale ku Karonga. Ng'anjo za ku Japan ndi Germany zitazima, mtengo wa yureniyamu unagwa kuchoka pa madola pafupifupi 70 pa paundi mpaka kutsika pansi pa theka lake, ndipo mu Febuluwale 2014 kampani ya Paladin inaimitsa mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009. Antchito mazanamazana anabwerera kwawo. Mkangano umene unabuka pambuyo pake, wokhudza kutaya madzi oyeretsedwa a pamgodiwo mumtsinje wolowera kunyanja ya Malawi, unali ndi funso lomwe lija la ku Namie ndi ku Iwaki: wayeza ndani, ndipo tingamukhulupirire?

Funsoli linabweranso ku Fukushima pa 24 Ogasiti 2023, pamene TEPCO inayamba kuthira m'nyanja madzi amene ankaziziritsa ng'anjo zosungunuka, matani oposa 1.3 miliyoni osungidwa m'mathanki oposa 1,000. Madziwo amasefedwa n'kuchotsa zoipa zambiri, koma tritium, mtundu wa hydrogen wotulutsa cheza, sachotseka, choncho amawasungunula ndi madzi a m'nyanja mpaka kutsika kwambiri pansi pa mlingo wololedwa. Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA linati dongosololi likugwirizana ndi malamulo a chitetezo a dziko lonse. Asodzi a ku Fukushima anakanabe. Ambiri sankatsutsa sayansiyo. Ankakumbukira lonjezo la 2015 lakuti madziwo sadzatayidwa iwo asanamvetse, ndipo ankadziwa kuti nsomba zimagulidwa ndi mtima wa wogula. China inaletsa nsomba zonse za ku Japan tsiku lomwelo, ndipo ku China ndi ku South Korea anthu anathamangiranso mchere.

Pamalo pa ngozi pakadali zosungunuka matani pafupifupi 880 pansi pa ng'anjo zitatu zija. Kachidutswa koyamba kanatulutsidwa ndi loboti mu Novembala 2024, kosakwana galamu imodzi. Tauni ya Futaba, imene inali ndi anthu pafupifupi 7,000, inaloledwa kukhalamonso anthu mu Ogasiti 2022, ndipo obwerera ndi ochepa kwambiri. Ana amene anachoka ali pamsana anakulira kwina ndipo kumeneko ndiye kwawo. Pamsewu waukulu wa tauniyo panali chikwangwani chonena kuti nyukiliya ndi mphamvu ya tsogolo lowala. Mawuwo anawapeka mwana wa sukulu ya pulayimale m'zaka za m'ma 1980. Akuluakulu a tauni atafuna kuchichotsa, mwana uja, tsopano bambo wosamutsidwa ngati anzake, anasonkhanitsa masiginecha kupempha kuti chisiyidwe pomwepo anthu azichiona. Anachitsitsabe mu Disembala 2015. Lero zilembo zake zili panyumba yosungira mbiri ya ngoziyi, m'tauni momwemo, pafupi ndi nyanja.